Sabata imodzi pa mabwalo a tenesi a hotela ya ku Sandton

Hotela imene ndimagwirako ntchito ili ku Sandton, kumpoto kwa Johannesburg, ndipo kuseri kwa dziwe losambira kuli mabwalo awiri a tenesi. Pa kalata yanga ya ntchito analemba kuti ndine woyang'anira masewera. Zoona zake n'zakuti ndimasesa, ndimamanga zingwe za maraketi, ndimalosera mvula, komanso ndimabwerekedwa kwa mlendo aliyense amene wabwera ndi raketi koma alibe womenyana naye mpira. Sabata yathayi inali yoyamba ya November, nyengo ya misonkhano ya makampani, moti zipinda zinali zodzaza.

Ndimafika 5 koloko m'mawa chifukwa cha mitengo ya jacaranda imene ili kunja kwa mpanda. Alendo amaijambula tsiku lonse, koma maluwa ake akagwera pa bwalo n'kunyowa ndi mame amaterera koopsa, munthu atha kuthyoka mwendo. Makina opemerera masamba saloledwa kulira 7 koloko isanakwane poti mabwana ali m'tulo, ndiye chida ndi tsache basi. Ndikatha kusesa ndimayeza ukonde ndi kandodo kanga. Pakati uyenera kukhala masentimita 91.4, ndipo usiku uliwonse pamapezeka wina amene anautsamira poyankhula pa foni.

Lolemba kunabwera bambo wa ku Hamburg, m'dziko la Germany. Anatsika ndege m'mawa ku OR Tambo, n'kukwera sitima ya Gautrain, ndipo pofika 10 koloko anali kale pa bwalo ndi chitini cha mipira chimene anachokera nacho kwawo. Wosewera wabwino ndithu, dzanja lake limadziwa chimene likuchita. Koma mpira uliwonse umene ankamenya unkagwera kunja, wina mpaka kukagunda mpanda wa kumbuyo. Patapita mphindi 20 anaima n'kunena kuti bwalo lathu ndi lalifupi.

"Bwana, bwaloli ndi mamita 23.77 ngati lina lililonse," ndinatero. "Chasintha ndi mpweya."

Nkhani imeneyi ndimaifotokoza pafupifupi sabata iliyonse. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Hamburg ili m'munsi penipeni. Kuno mpweya ndi wopepuka, sugwira mpira. Mpira umathamanga kwambiri, umanjanja kwambiri, ndipo kuupota kuja kumene kumaugwetsera m'bwalo kwawoko kuno sikugwira mokwanira. Mpira wa m'chitini uli ndi mpweya wopanikizidwa m'kati, ndiye ukafika kumtunda kuno umalimbanso kuposa mmene unalili. N'chifukwa chake malamulo a ITF, bungwe loyendetsa tenesi pa dziko lonse, amalola mipira yapadera pa mabwalo amene ali pamwamba pa mamita 1,219. Ine ndinaphunzirira tenesi kutolera mipira pa kalabu ina ku Blantyre, kumene ndi mamita 1,000 ndi pang'ono chabe, ndipo kumeneko nkhani ya mipira yapaderayi sinkamveka n'komwe.

Ndinamupatsa mipira yathu, n'kutenga raketi yake kupita nayo ku kachipinda ka makina. Zingwe zake zinali zomangidwa pa makilogalamu 23, ine ndinazimanga pa 25. Chingwe chikalimba chimachotsa mphamvu pang'ono n'kubwezera ulamuliro m'dzanja. Ntchitoyi imanditengera mphindi 30 ngati foni siinalire: kudula zakale, kukhoma raketi pa makina, kukoka zingwe zoimirira kuyambira pakati kupita m'mbali, kenako kuluka zopingasa, pamwamba, pansi, pamwamba, mpaka nsonga za zala zitayamba kuwawa. Madzulo anabweranso. Mipira inkagwera m'kati, koma tsopano chinamuthera ndi mpweya wa m'chifuwa. Anakhala pa benchi akupumira m'mwamba, n'kumwa mabotolo awiri a madzi osanena kanthu.

Mahotela ambiri apamwamba amalemba pa intaneti kuti ali ndi bwalo la tenesi, ndipo sanama. Koma bwalo lokha ndi gawo laling'ono la nkhaniyi. Munthu wobwera ku msonkhano amayenda yekha, ndipo nthawi imene ali nayo ndi 6 koloko m'mawa kapena 6 koloko madzulo. Chimene akufuna ndi munthu wa msinkhu wake pa masewerawa, pa ola limenelo, osati mawa. Hotela imene ilibe munthu wodziwa kulumikiza anthu awiri osadziwana ili ndi simenti yopaka utoto chabe. Ine ndili ndi kabuku ka mayina a anthu a m'dera lino amene amalola kuitanidwa mwadzidzidzi: madokotala awiri, mphunzitsi wopuma pa ntchito, anyamata a ku yunivesite, ndi mayi wina wachikulire amene sathamanga koma mpira wake sugwera kunja. Pafupi ndi dzina lililonse ndinalemba mmene amasewerera, ndiponso ngati amapsa mtima akagonja.

Chovuta n'chakuti alendo sanena zoona za luso lawo. Amuna ambiri amadzikweza, amayi ambiri amadzitsitsa. Ndinasiya kufunsa kuti "mumasewera bwanji?" Ndimafunsa kuti anasewera liti komaliza, ndipo ndimayang'ana nsapato. Nsapato ya wosewera weniweni imatha kuphazi, cha ku chala chachikulu, chifukwa chokwekwereza pansi poyambitsa mpira. Wobwera ndi nsapato zothamangira pamsewu, zonyezimira bwino, ndimamupezera mphunzitsi wopuma uja.

Lachitatu ku risepushoni anandiimbira kuti pali mayi wa ku Nairobi amene akufuna kusewera "pang'ono chabe". Ndinaona nsapato, ndinaona chogwirira cha raketi chitada ndi thukuta, ndipo ndinamulumikiza ndi bambo wa ku Hamburg uja. Bamboyo anazengereza, n'kundinong'oneza kuti safuna kutaya ola lake. Nairobi nayo ili pamtunda ngati Joni, choncho mayiyu analibe choti azolowere. Anamuyendetsa bambo uja kona ndi kona ngati mbuzi ya pa chingwe, seti yoyamba 6-1. Yachiwiri inali yolimbirako. Atatha anagwirana chanza akuseka, ndipo anapangana okha kuti akumanenso m'mawa mwake. Tsiku limenelo ndinalandira tipu kawiri, kwa wopambana ndi kwa wogonja yemwe.

Pamene palibe woitana ndimalowa ndekha, ndipo pamenepo pali luso lina limene palibe anandiphunzitsa pa kosi. Ukamugonjetsa mlendo mopanda chifundo sabweranso. Ukamulekerera moonekera amanyansidwa, chifukwa anthu awa anazolowera kunamizidwa ndi antchito awo ndipo amazindikira msanga. Umayenera kumupatsa mipira imene angaifikire koma atatuluka thukuta.

Lachinayi kunali kwa mvula. M'chilimwe kuno mitambo imasonkhana cha m'ma 3 koloko, kenako kumada bii, ndipo mphezi za kuno sizisewera. Lamulo lathu n'lakuti bingu likamveka aliyense atuluke, ndipo sitibwerera mpaka patapita mphindi 30 chigundireni lomaliza. Mnyamata wina wa ku banki, amene anali kutsogola 5-4, anakana. Anati walipira ola lonse. Ndinamuuza mwaulemu kuti, "Bwana, ndalama tikubwezerani, koma mizati ya magetsi iyi ndi yachitsulo ndipo inu mwanyamula raketi m'mwamba." Anatuluka akung'ung'udza, n'kukadandaula kwa manijala. Pasanathe mphindi 10 kunagwa matalala oti anaswa galasi la nyale imodzi. Dandaulo lake lidakalipobe m'kompyuta, ndipo ndinafunsidwa kuti ndiliyankhe polemba.

Mvula itakata tinakankha madzi ndi achimwene ena a ku Mzimba amene amasamalira dziwe. Ndife Amalawi angapo pa hotelayi, ena kukhitchini, ena kochapa. "Achimwene, mabwana anu aja akudikira kale," anatero akuloza pa khonde, pamene anthu anayi anali ataima ndi maraketi kuyang'ana simenti ngati iuma chifukwa choiyang'ana.

Lachisanu sindinagwire raketi. Agogo ena ochokera ku Virginia, m'dziko la America, anapempha kuti wina awaperekeze kumalo kumene Arthur Ashe, katswiri wa tenesi wachikuda wa ku America, anapondako, popeza nawonso anakulira ku Richmond, kwawo kwa Ashe. Boma la tsankho linamukaniza Ashe chilolezo cholowera m'dziko muno kangapo, mpaka linalola mu 1973. Anasewera ku Ellis Park, anafika mu ndime yomaliza n'kugonja kwa Jimmy Connors, koma pa masewera a awiriawiri anatenga chikho limodzi ndi Tom Okker. Tinadutsa pa Ellis Park ndi galimoto ya hotela, kenako tinapita ku Jabavu, ku Soweto, kumene kuli mabwalo otchedwa dzina lake. Serena ndi Venus Williams anakaphunzitsako ana mu 2012. Tinapeza ana a sukulu akumenya mipira yothothoka ubweya, ndipo agogo aja anakhala pamenepo ola lathunthu, kufunsa mphunzitsi wawo mafunso. Pobwerera anandifunsa kuti mipira yathu yakale timaitani. Timaitaya ikangosewera kawiri kapena katatu, chifukwa mlendo wolipira chipinda cha mtengo umenewo amafuna kumva chitini chikutsegulidwa pamaso pake. Ndapempha chilolezo choti tiziisonkhanitsa m'katoni, yankho silinabwere.

Loweruka manijala anandiitana ku ofesi. Pa tebulo panali mapepala a kampani yomanga mabwalo a padel, masewera ofananako ndi tenesi oseweredwa pa bwalo laling'ono lotchingidwa ndi makoma. Masewera amenewa afalikira kwambiri mu Joni muno zaka zochepa zapitazi, ndipo masamu ake ndi osavuta: bwalo la padel ndi mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi, pamalo a bwalo limodzi la tenesi pamalowa awiri mosavuta, ndipo pa lililonse amasewera anthu anayi. Anthu 8 olipira pamalo pamene lero pamakhala awiri. Komanso munthu amene sanagwirepo raketi amayamba kusangalala nawo tsiku lomwelo, zimene pa tenesi sizichitika.

Sindinatsutse masamuwo, ndi oona. Ndinangowakumbutsa kuti dziko lino linatulutsa Kevin Anderson, mwana wa mu Johannesburg momwemuno amene anafika mu ndime yomaliza ya US Open mu 2017 ndi ya Wimbledon mu 2018, ndiponso kuti pamene Roger Federer ndi Rafael Nadal anasewera ku Cape Town mu February 2020 kunafika anthu oposa 51,000. Kenako ndinatsegula buku la maola n'kuwaonetsa mayina a alendo amene amabwerera kwa ife chaka ndi chaka, ena mpaka kulemberatu imelo kufunsa ngati mayi wachikulire uja adakasewerabe. Anthu amenewa salipira ola la bwalo lokha, amalipira chipinda masiku anayi kapena asanu. Bwalo likatsala limodzi, ola la 6 koloko lidzakhala la anthu awiri okha, ndipo ena onse ndidzawauza kuti pepani.

Anamvetsera bwino, analemba zina pa pepala, n'kunena kuti eni hotela akambirana mu January. Lachiwiri likubwerali kubwera anthu a kampani ija kudzayeza bwalo lachiwiri, ndipo andiuza kuti ndisalembepo mlendo aliyense kuyambira 9 koloko mpaka masana.