Funso la mwana wa achemwali

Lachiwiri usiku, ku Chitakale. Tulo takana.

Madzulo ano mwana wa achemwali anga, wa folomu 3 uja, wandipeza ndikusadzula nkhwani kuseri kwa nyumba. Loweruka akupita kumtsinje wa Likhubula, kuphiri la Mulanje, ndi anzake, akasambira pa Dziwe la Nkhalamba, ndipo masiku ake akumwezi agwera pomwepo. Mnzake wamupatsa matamponi, tinthu tathonje tolowetsa kumaliseche kuti tiziyamwa magazi akumwezi. Anatulutsa kamodzi m'thumba la siketi, maso ali pansi.

"Amayi aang'ono, kodi sikangasowere m'mimba?"

Ndinamukhazika pamphasa. Sikangasowe iwe, khomo la chiberekero ndi laling'ono zedi, kulibe koti kadutse. Uyambe wasamba m'manja ndi sopo. Unyonyomale, kapena ukweze mwendo umodzi, thupi ulimasule. Ukakankhe ndi chala molozetsa kumsana, kachingwe katsale kunja. Ukamakamva poyenda ndiye kuti sikanalowe mokwanira. Anafunsanso ngati azikachotsa akafuna kukodza. Ayi, mkodzo uli ndi njira yakeyake. Apa mtima unandiwawa. Zoti asathire mchere m'ndiwo akakhala kumwezi anamulangiza mobwerezabwereza, koma mmene thupi lake linapangidwira palibe anamuuza. Ifenso tinakula chomwecho, kuchapa nyanda mobisa, kuyanika kunsi kwa bedi, osafunsa kanthu.

Chimene chandisowetsa mtendere ndi chakuti mnzakeyo anamuuza kuti kamodzi kamakwana usana ndi usiku womwe. Ndinachita kumugwira dzanja. Uzisintha pakapita maola 4 mpaka 8, osapitirira, ndipo ukangotuluka m'madzi uvale kena. Kukhalitsa nako kungabweretse matenda otchedwa toxic shock syndrome. Sachitikachitika, koma amapha. Thupi likatentha mwadzidzidzi, kusanza, kutsegula m'mimba, chizungulire kapena zidzolo, uchotse nthawi yomweyo, uthamangire kuchipatala, ukanene poyera kuti unavala tamponi.

Za katayidwe tinakambirana nkhwani zili pamoto. Ukoke kachingwe pang'onopang'ono, ukulunge m'pepala. M'chimbudzi chamadzi usaponyemo, kamafufuma n'kutseka mapaipi. Kuphiri utenge kajumbo, umange, ubwere nako kunyumba, chifukwa madzi a mtsinje uja anthu akumunsi amatunga. Iye mantha ake anali ena. Agogo ake amati magazi akumwezi ukawasiya poyera, anthu a mtima woipa amakuchita nawo chipongwe. Sindinatsutse, bola asakasiye patchire.

Ponyamuka anandipempha kuti ndisawauze amayi ake, poti iwo amati zinthu zimenezi zimachotsa unamwali. Tamponi sichotsa unamwali wa munthu, ndinamuuza choncho, koma achemwali anga akagwira mfundo sasiya msanga. Kuwabisira za mwana wawo sindikufuna, kumutaya mwana amene wandikhulupirira sindikufunanso. Mawa tikakumana kumsika, ndipo mpaka pano sindinapeze poyambira.