Tsiku lomwe helikopita inatulukira kuseri kwa phiri droni yanga ili m'mwamba

Anzanga amene mumaulutsa ma droni, ndati ndikufotokozereni mmene zinandiyendera tsiku lina kumalo komwe ndege zimadutsa motsika, chifukwa mpaka pano ndikangomva kulira kwa helikopita mtima umayamba kuthamanga.

Ntchito yake inali yojambula munda waukulu m'chigwa, uku mtsinje uku phiri. Dzulo lake ndinatchaja mabatire, ndinaona pa apu ngati malowo sali pafupi ndi bwalo la ndege, ndinawerenganso ma NOTAM, zidziwitso zija amalembera oyendetsa ndege. Panalibe chodetsa nkhawa. Koma apa mpamene ambirife timagona tulo, bwalo la ndege likhoza kukhala kutali koma pafupi pali chipatala chomwe helikopita imatera, kapena munda woyandikana nawo akupopera mankhwala ndi kandege kaja kouluka ngati kakhudza mbewu, ndipo izi pa mapu sizioneka, umachita kufunsa anthu. Ine ndinawaimbira eni munda, anati sabata imeneyo kulibe zopopera.

Nditafika ndinayamba ndi ma settings. Mayiko ambiri droni siiloledwa kupitirira mamita 120 kuchokera pansi, ku America amati mafiti 400, chifukwa ndege zokhala ndi anthu kawirikawiri sizitsika kupitirira mafiti 500, omwe ndi mamita 150, kupatula ponyamuka ndi potera. Ndiye kampata kotsala pakati ndi ka mamita 30 basi. Komanso helikopita zonyamula odwala, za apolisi, zoyendera mawaya a magetsi, ndege zopopera ndi za asilikali zimatsika kuposa pamenepo ndipo siziphwanya lamulo, zimalowa momwe ifeyo timayesa kuti ndi mwathu. Ine ndinaika kuti droni yanga isapitirire mamita 80. Mudziwenso kuti nambala ya pa sikirini imawerenga kuchokera pomwe wanyamukira osati nthaka ili pansi pa droniyo, ukanyamukira pachitunda n'kulowera kuchigwa ndiye kuti uli m'mwamba kuposa mmene ikukuuzira.

Ndinapita ndi mng'ono wanga. Ndinamuuza kuti foni m'thumba, maso kumwamba, makutu tcheru, ukamva kanthu usayambe kundifunsa ungokuwa n'kuloza.

Batire yachiwiri ili pakati ndinangomva, "Achimwene ndege! Kuseri kwa phiri!" Ine ndinali ndisanamve chilichonse, maso anali pa sikirini kuwongola chithunzi. Kenako phaphaphapha uja anafika, koma phokoso likamagunda phiri n'kubwerera sudziwa komwe likuchokera. Droni yanga ili ndi AirSense, chija chimalandira siginolo ya ADS-B, yomwe ndege imatumiza yosonyeza pomwe ili, n'kukuchenjeza, koma sikirini inali zii. Si ndege zonse zimatumiza ADS-B, ndipo phiri limatchinga siginolo, n'chimodzimodzi Flightradar24, apu yoonetsa ndege zili m'mwamba, ndege zotsika kwambiri nthawi zina sizioneka pamenepo.

Chala chinathamangira pa Return to Home, batani lobweza droni pomwe inanyamukira, koma ndinachibweza, ndipo chonde abale gwirani apa. Batani limeneli ngati droni ili pansi pa msinkhu womwe unaika imayamba yakwera kaye kenako n'kumabwera molunjika osasamala kuti kukubwera ndege, ndiye ukhoza kuikweza wekha n'kukaiika pamphuno pa helikopita. Kuthawira kumbali nakonso n'kungoganizira chifukwa sukudziwa komwe ndegeyo ilowere. Ndinakokera stick yakumanzere pansi mpaka kumapeto n'kugwira pomwepo. Droni imatsika mochedwa, yangayi mamita 4 kapena 5 pa sekondi, pomwe helikopita yothamanga makilomita 200 pa ola imadya mamita 55 sekondi iliyonse. Ndinkangowerenga 70, 60, 50, manja ali njenjenje, itafika 25 chapafupi ndi nsonga za mitengo ya m'mbali mwa mtsinje helikopita ija inatulukira, yotsika moti ndinaona mutu wa munthu pawindo. Inadutsa chakomwe droni inali masekondi ochepa m'mbuyomo.

Ndikukhulupirira kuti woyendetsayo sanaione n'komwe. Kadroni n'kadontho chabe kwa munthu amene akuthamanga chonchija kwinaku akuyang'ana mawaya ndi mitengo, n'chifukwa chake lamulo limati wopatuka ndi ifeyo nthawi zonse. Ndipo tisamati kanthu kopepuka sikangawononge ndege, batire ndi ma mota ndi zolimba. Mu September 2017 droni ya Phantom 4 inagunda helikopita ya asilikali ya Black Hawk ku Staten Island, New York, n'kuwononga chimodzi mwa zikupizo zake, mwini droniyo ankaulutsa kutali komwe maso ake samafikako. Mu January 2025 ku Los Angeles kadroni kakang'ono kanaboola phiko la ndege yozimitsa moto ya Super Scooper, ndegeyo inakhala pansi masiku angapo moto ukupitirira kuwotcha nyumba za anthu.

Helikopita itazimiririka sindinakwezenso droni. Ndinaibweretsa motsika choncho mpaka kutera, tinakhala pansi kudikira, chifukwa ndege yadutsa kamodzi imatha kubwerera njira yomweyo, ndipo patapita mphindi ngati 15 inabweradi, ikutsata mawaya a magetsi omwe ine ndinawaona pofika koma osawaganizira. Ndinasunga flight log, zomwe droni imalemba yokha za ulendo wake, ndinalemba nthawi ndi mbali yomwe inachokera, ndinawauza eni munda kuti lero basi. Ntchito tinakaimaliza m'mawa mwake pa mamita 50, mng'ono wanga ataima pachitunda pomwe amaona mbali zonse ziwiri za phiri.