Kupanga chimango cha mano oyikira kuchokera ku ufa wachitsulo

Masiku ano ntchito imandifika ngati fayilo pa kompyuta. Dokotala wa mano amajambula m'kamwa mwa wodwala ndi kamakina kogwira m'manja, monga TRIOS ya kampani ya 3Shape ya ku Denmark, n'kutumiza ku labu yomwe ndimagwirako kuno ku Johannesburg. Tinene kuti munthuyo adazula mano akumbuyo a m'munsi, akufuna oyikira. Changa n'kupanga chimango chachitsulo chomwe manowo adzakhalepo, pogwiritsa ntchito makina osungunula ufa wachitsulo ndi leza, kuwala kotentha kwambiri.

Ndimayambira pa exocad, pulogalamu ya ku Germany. Ndimatembenuza chithunzi cha nsagwada kufuna njira yomwe chimango chidzalowere ndi kutulukira popanda kukodwa, kenaka ndimajambula timikono tomwe timakumbatira mano otsala. Pamenepa sindipupuluma. Kamkono kakanenepa kamalimba gwa n'kumagwedeza dzino la munthu, kakaonda kamathyoka akamavula usiku. Makina satha kukuuza zimenezi, amangopanga zomwe wawapatsa.

Kenaka pamabwera ntchito yomwe anyamata atsopano amaiderera: kuimika chimangocho, chikadali chithunzi pa kompyuta, pa mbale yachitsulo ya makina ndi kuchiikira timiyendo tochirikiza. Ine timiyendoto ndimatiika kunja kokhakokha, mbali yomwe sikhudza nkhama kapena dzino, chifukwa paliponse pomwe kamwendo kanali pamatsala kachipsera kofunika kukhula. Ukakhula mbali yokhudza dzino, wachotsa chitsulo pomwe chimayenera kugwira.

Ufa wake ndi wa cobalt ndi chromium, wosakaniza ndi molybdenum pang'ono. Chitsulochi si chachilendo m'kamwa mwa anthu, akhala akuchigwiritsa ntchito kuyambira m'ma 1930 ndi dzina loti Vitallium. Chatsopano n'kapangidwe. Kale tinkaumba chimango ndi phula, kuchikwirira m'chikombole, kusungunula phulalo n'kuthiramo chitsulo chamoto, njira yomwe William Taggart, dokotala wa mano wa ku America, adaitchukitsa pa zamano mu 1907. Njira yosungunula ufa ndi leza idachokera ku bungwe la kafukufuku la Fraunhofer ILT mumzinda wa Aachen ku Germany m'ma 1990.

Ndisanatsegule chitini cha ufa ndimavala magolovesi ndi chophimba mphuno chokhala ndi sefa. Ufawu ndi wosalala kuposa ufa woyera wa nsima, umauluka osaoneka, ndipo fumbi la cobalt limawononga mapapo. Makina akatsekedwa amachotsa mpweya wamba n'kulowetsa nitrogen kapena argon kuti chitsulo chisachite dzimbiri chikamasungunuka. Mpeni umayala ufa wopyapyala, pafupifupi ma micron 30 (kuonda kuposa tsitsi), leza imadutsa n'kusungunula malo oyenera okha, mbale imatsika pang'ono, mpeni umayalanso. Pagalasi umangoona kamoto kakuthamanga uku ndi uku. Timadzaza mbale ndi ntchito za odwala ambiri n'kusiya makina akugwira usiku.

M'mawa ndimafukula zimango mu ufa ndi burashi, ufa wotsala n'kuusefa kuti ugwirenso ntchito. Apa manja amayabwa kufuna kudula chimango n'kuchiyesa, koma ayi ndithu. Chitsulo chomwe chasungunuka ndi kuzizira mwaliwiro chotere chimakhala chokokana mkati, ndiye ukachidula pa mbale chisanalowe m'ng'anjo chimapindika pomwepo. Mbale yonse imalowa m'ng'anjo zimango zili zomatirira, pa kutentha komwe wopanga ufawo adalemba, madigiri 750 kapena kupitirira, n'kuzizira pang'onopang'ono.

Zikatero ndimadula, kuthyola timiyendo ndi pulayala, kupemerera mchenga wa alumina, kenaka kukhula ndi kupukuta. Chimango chimatuluka m'makina chili chokhakhala, chotuwa, ndipo lilime la munthu limamva kabampu komwe diso silikuona. Ndimayendetsa chala m'mphepete monse, makamaka pa mtanda womwe umadutsa kuseri kwa mano akutsogolo, pomwe lilime limakhudza tsiku lonse. Amene amati makinawa atilanda ntchito sanakhalepo pa benchi yopukutira.

Pomaliza ndimachiyesa pa nsagwada ya pulasitiki yomwe tidapanga kuchokera ku fayilo ija. Chiyenera kulowa ndi kamphamvu pang'ono, kukhala pansi osagwedera ndikakanikiza mbali imodzi. Chikakhala bwino chimapita kwa dokotala kukachiyesa m'kamwa mano asanaikidwe, pakuti nkhama zimabonyeka pomwe pulasitiki sibonyeka. Akavomereza, chimabwerera kwa ine, ndiye ndimayala mano ndi nkhama za pulasitiki yotchedwa acrylic pamwamba pake.