Thabwa la nyama ndi tchizi la Halloween: chigaza chinandidyera masiku awiri

Alendo apita, mbale zatsukidwa, ndipo ndikulemba izi mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Amene anayambitsa zonsezi ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 9. Anzake a kusukulu kuno ku Leeds, ku England, amachita Halloween, chikondwerero cha zinthu zoopseza ngati mizukwa, pa 31 Okotobala chaka ndi chaka, ndiye chaka chino anandichonderera kuti nafenso tiitane anthu kunyumba. Ndinavomera monyinyirika, pajatu kwathu nkhani za mizukwa sitisewera nazo. Anandionetsa chithunzi pa foni: thabwa lodzaza nyama zozizira, tchizi ndi zipatso zakuda, pakati pali chigaza chovekedwa nyama yofiira. Eniake amati charcuterie board.

Ndiyambe ndi chimene chandipweteka mtima. Chigazacho mukagule nokha ndi miyendo yanu, Okotobala akangoyamba, muchigwire m'manja, muchitembenuze, muwerenge zolembedwa pansi pake. Musachiitanitse pa intaneti.

Ine ndinaitanitsa. Chigaza cha pulasitiki £11, kuphatikizapo £4.99 yoti achibweretse msanga, Lachinayi. Ndinapempha mnzanga wa kuntchito kuti tisinthane shifiti ndikhale pakhomo. Tsiku lonse khutu lili kuchitseko, ngakhale kusamba ndinasamba mothamanga. Itakwana 4 koloko madzulo foni inalira, uthenga wakuti obweretsa katundu anabwera koma sanapeze munthu. Bodza lamkunkhuniza! Belu silinalire, palibe anagogoda, palibe galimoto inaima pamsewu wathu. Ndinaimba nambala yawo, n'kumangoyankhidwa ndi makina. Patapita mphindi 25 ndi pamene munthu anayankha, n'kunena kuti katundu wabwerera kudepoti, ndikatenge ndekha kapena ndidikire Lolemba. Phwando linali Loweruka.

Lachisanu m'mawa ndinakwera mabasi awiri kupita kudera la mafakitale, mvula ikuwaza, yozizira yolowa m'mafupa ija. Pamzere ndinaima pafupifupi ola. Nditafika pawindo, mtsikana wake anati akufuna chiphaso chokhala ndi chithunzi. Ndinamuonetsa uthenga wawo womwe, nambala ya katundu, khadi la kubanki la dzina langa. Anakana. Mu uthengawo munalibe mawu amodzi onena za chiphaso. Bokosi ndikuliona ndi maso angawa pashelefu kumbuyo kwake! Ndinabwerera kunyumba kukatenga laisensi, mabasi awiri kupita, awiri kubwera, ndipo pofika pakhomo kachiwiri kunja kunali kutada. Mawotchi atabwezedwa m'mbuyo Lamlungu lomaliza la Okotobala, kuno dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane. Tsiku limene ndinakonza zogulira nyama ndi tchizi linathera m'basi.

Ndiye kutsegula bokosilo, chigaza chapakidwa timiyala tonyezimira tomatirira m'zala, ndi kapepala konena kuti n'chokongoletsera basi, chisakhudzane ndi chakudya. Pa chithunzi chawo zimenezi panalibe. Ndinakhala pansi m'khitchini, misozi ili pafupi. Mwana wanga anabwera n'kundigwira paphewa, amvekere, "Amayi, tisiye basi." Mawu amenewo ndi amene anandidzutsa. Ndinachikwecha ndi sopo mpaka zonyezimira zambiri zitachoka, ndinachiumitsa, kenako ndinachikulunga katatu ndi pulasitiki yopyapyala yokutira zakudya ija, n'kuikankhira ndi chala m'maenje a maso. Ngakhale chanu chikuoneka choyera bwanji, chikulungeni. Nyama isakhudze utoto.

Nyama yoveka chigaza ndi Parma ham, ya nkhumba, ya ku Italy. Saiphika, amangoithira mchere n'kuiumitsa ndi mpweya kwa chaka kapena kupitirira, ndiye amaidula yopyapyala ngati pepala ndipo imamatirira yokha popanda chomatira. Mapaketi atatu anakwana. Muyambire pamwamba pa mutu kutsikira kumasaya, chidutswa chilichonse chikwere pang'ono pa chinzake, mano muwasiye aonekere. Muigwire ikadali yozizira, chifukwa ikafunda imang'ambika n'kumakakamira m'manja. M'maso ndinaikamo timipira ta tchizi yoyera ya mozzarella, pamwamba pake kachidutswa ka olivi wobiriwira wokhala ndi tsabola wofiira pakati. Kunena zoona, maso amenewo ndi amene anapatsa chigazacho moyo. Ndinachiika m'firiji usiku wonse.

Ndaiwala chinthu chachikulu, chimene chinayenera kukhala poyamba. Musanagule kalikonse, lembani mayina a alendo n'kudzifunsa kuti uyu amadya chiyani. Nyama zambiri za pa thabwa lotere, salami, chorizo, ham, n'za nkhumba. Ine ndinaitana banja la anzanga ochokera ku Mangochi, omwe ndi Asilamu, komanso achemwali ena a mpingo wa Seventh Day. Ndinakonza thabwa lachiwiri, mpeni wakewake, patebulo lina: nyama yozizira ya ng'ombe ndi ya nkhukundembo zochokera kubutchala ya halal ku Harehills, dera lina la mu Leeds muno. Pakati pake ndinaika dzungu laling'ono losema nkhope m'malo mwa chigaza. Musaike nkhumba kumapeto kwa thabwa lomwelo n'kumati yapatuka. Siinapatuke, ndipo mlendo sangakuuzeni, angokhala ndi njala mwaulemu.

Mlamu wanga ndi woyembekezera. A NHS, omwe ndi a zaumoyo a boma kuno, amalangiza amayi oyembekezera kupewa tchizi yofewa ya chikopa choyera monga Brie ndi Camembert pokhapokha itaphikidwa mpaka kutuluka nthunzi, chifukwa cha tizilombo ta listeria, komanso kusamala ndi nyama zosaphika ngati Parma ham ndi salami. Ndinamuikira mbale yakeyake ya Cheddar, mabisiketi ndi zipatso, n'kumunong'oneza pakhomo pomwe. Anati, "Zikomo alamu, ndimaopa kufunsa."

Loweruka m'mamawa ndinathamangira ku Kirkgate Market, msika waukulu wa mu Leeds, kukagula mphesa zakuda, nkhuyu ndi dzungu lija. Tchizi ya mtundu wa Halloween ndi Red Leicester. Maonekedwe ake a dzungu lakupsa amachokera ku annatto, utoto wa njere za mtengo wina wa kumadera otentha a ku America. Ndinkafuna kudula mileme ndi tizitsulo todulira mabisiketi, ndipo ndinayamba ndi Cheddar yokhwima kwambiri. Inangofumbutuka, mapiko onse kuthothoka, theka la chibuma n'kusanduka zinyenyeswazi. Gulani yodulidwa kale m'magawo, Red Leicester kapena Gouda, imatuluka bwinobwino. Zotsala m'mphepete musataye, mawa n'za pa buledi wa ana.

Brie ndiye inandisangalatsa. Itangotuluka m'firiji ndinajambula mzukwa pamwamba pake ndi nsonga ya mpeni, ndinachotsa chikopa m'kati mwa chojambulacho, n'kudzazamo jamu wakuda wa mabulosi. Ntchito ya mphindi zisanu, koma anthu anaijambula kuposa chigaza chimene ndinavutikira. Akangaude a maolivi akuda ndiwo odya nthawi: theka limodzi ndi thupi, theka linalo mulidule timiyendo 8. Ndinapanga asanu n'kulekera pomwepo.

Poyala, zikuluzikulu zimayamba: chigaza pakati, timbale ta jamu ndi maolivi, kenako tchizi, kenako salami yopinda kanayi. Mipata yonse mutseke ndi mphesa ndi nkhuyu zong'amba pakati kuti thabwa lisaonekere. Mabisiketi muike pomaliza penipeni, apo ayi amanyowa. Ngati pali ana aang'ono, mphesa muzidule m'litali, zathunthu zimatsamwitsa. Mtedza wokazinga wa kwathu ndinausiya m'khitchini nditamva kuti mnyamata mmodzi wa m'kalasi la mwana wanga umamudwalitsa. Tchizi ituluke m'firiji theka la ola alendo asanafike kuti ikome, koma thabwa lisakhale kunja kwa firiji kupitirira maola anayi. Ine ndinkatulutsa nyama pang'onopang'ono, ina ikudikira m'firiji.

Ndipo pulasitiki ija ndiibwerezenso. Alendo atamaliza kusenda ham pa chigaza, pansi pa pulasitiki timiyala tonyezimira tinali tikadalipo, titasonkhana m'mphepete mwa mano. Zikanalowa m'mimba mwa ana a eni. Kulungani, katatu.

Azakhali anga, amene amakhala ku Bradford, atalowa anaima pakhomo la pabalaza n'kuyang'ana chigazacho nthawi yaitali. "Mwanawe, zigaza pa chakudya? Kwanu anakuphunzitsa zimenezi?" Sindinawatsutse, chifukwa nanenso mtima unkandigunda pochiveka nyama usiku uja. Ndinawafotokozera kuti mwambowu mizu yake ili ku Ireland ndi ku Scotland, pa chikondwerero chakale cha Samhain chotsekera nyengo yokolola, ndipo kumeneko ankasema nkhope pa ma turnip, masamba a mizu yobulungira, maungu asanatchuke ku America. Ndinawauzanso kuti kwa mdzukulu wawo, nkhani ndi yakuti anzake abwere kwawo kamodzi, osati iye yekha kumangopita kwa eni. Sanayankhe. Anakakhala patebulo la dzungu, chigaza atachifulatira, ndipo nkhuyu ndi Gouda anadya ndithu.

£4.99 yanga sanabwezebe. Ndawalembera kawiri, ndatumiza chithunzi cha kapepala kaja ndi matikiti a basi a Lachisanu, ndipo Lolemba m'mawa ndiwaimbiranso. Chigazacho ndachitsuka, chili m'bokosi pamwamba pa kabati, ndipo mwana wanga walembapo kale ndi cholembera chakuda kuti "chaka chamawa".