Nyanja ya Pacific ndi chimanga cha ku Lunzu

Mu Malichi 2024, pamene Pulezidenti Lazarus Chakwera ankalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi ya chilala, chimanga cha m'munda mwathu ku Lunzu chinali chitafota kale chisanabereke. Chimene chimandizizwitsa mpaka lero n'chakuti gwero la vutolo linali kutali, m'nyanja ya Pacific.

Pakatha zaka 2 mpaka 7, mphepo imene imakankhira madzi ofunda kumadzulo imafooka, madziwo amabwerera kum'mawa chaku Peru, ndipo mitambo ya mvula imawatsatira. Kufundako kumafooketsanso mphepo ija, motero nyanja ndi mlengalenga zimasonkhezerana. Imeneyi ndiyo El Niño, ndipo kuno kummwera kawirikawiri imabweretsa ng'amba, monga zinachitikira mu 2015/16.

Panyanjayo akatswiri a sayansi anaikapo zipangizo zoyandama pafupifupi 70 zoyeza kutentha kwa madzi ndi mphepo, ndipo mu 1986 akatswiri a zanyengo Mark Cane ndi Stephen Zebiak analosera El Niño pogwiritsa ntchito kompyuta. Ndimalakalaka ulosi wa nthambi yoona zanyengo kuno ku Blantyre utamafika kwa alimi asanagule mbewu, kuti chaka cha ng'amba azisankha yocha msanga.