Mmene ndinakonzera ulendo wokaona nyama ku Liwonde kuchokera ku Dedza

Pamene ine ndi mayi a kunyumba tinagwirizana zoti ana athu akaone njovu ndi maso awo m'malo momangoziona m'mabuku a kusukulu, chinthu choyamba chimene ndinachita chinali kuyerekeza mitunda, chifukwa nthawi imene tinali nayo inali ya kumapeto kwa sabata basi. Nyika ndinaichotsa msanga pa mndandanda popeza ili kutali kwambiri kumpoto. Ku Majete munthu amayenera kudutsa Blantyre ndi kutsetserekera ku Chikwawa, ndipo ku Kasungu amayenera kupyola Lilongwe. Lake Malawi National Park ku Cape Maclear ndi pafupi ndithu ngati mwadzera msewu wa Golomoti, koma ulemerero wake wagona pa nsomba za mbuna, pamene ana anga ankafuna nyama zikuluzikulu. Kunatsala Liwonde National Park, kumene munthu wochokera pa boma la Dedza amafika m'maola pafupifupi atatu, ndipo msewu wake ndi wa tala mpaka m'tauni ya Liwonde.

Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1973 ndipo ndi yaikulu masikweya kilomita oposa 500, mbali yaikulu ili kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, kumunsi kwa nyanja ya Malombe. Kuyambira mu 2015 ikuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za malo osungirako nyama zakutchire, ndipo amene anapitako kale chaka chimenecho chisanafike ayenera kudziwa kuti zinthu zinasintha kwambiri. Anamanga mpanda wamagetsi wochepetsa mikangano pakati pa nyama ndi midzi yozungulira, anabweretsa akakwiyo mu 2017, mikango mu 2018, zipembere 17 zochokera ku South Africa mu 2019, ndi mimbulu mu 2021. Njovu zinachuluka mpaka zina anazisamutsira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, ndipo zina 263 anazipititsa ku Kasungu mu 2022. Ndinawafotokozera ana zimenezi tisananyamuke, koma ndinawauzanso mosabisa kuti njovu, mvuu ndi ng'ona adzaziona ndithu, pamene mkango ndi chipembere zimaoneka mwamwayi, chifukwa mkango umagona pamthunzi usana wonse ndipo chipembere chimakonda kubisala m'ziyangoyango.

Nyengo ndinaiganizira mofatsa. M'dzinja, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, udzu umatalika, nyama zimamwazikana chifukwa madzi amapezeka paliponse, ndipo dothi la makande la m'chigwamo limamata matayala moti misewu ina ya m'pakimo imatsekedwa. Mu Seputembala ndi Okutobala nyama zimasonkhana m'mbali mwa Shire ndipo zimaoneka mosavuta, koma kutentha kwake si kwa masewera kwa ife ozolowera mphepo ya ku Dedza. Tauni yathu ili pamtunda wa mamita oposa 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere pamene Liwonde ali pa mamita pafupifupi 500 okha, ndipo mwana wobadwira m'tsinde mwa phiri la Dedza amafooka msanga kuchigwako dzuwa likakhwima. Ndinasankha Ogasiti, mwezi umene sukulu zimakhala zitatsekera, udzu utauma ndipo kutentha kusanafike pachimake. Vuto la mwezi umenewu ndi lakuti ndi nthawi yomweyonso imene alendo ochokera kunja amachuluka, choncho malo ogona amadzaza msanga ndipo pamafunika kusungitsa malo padakali milungu ingapo.

Nkhani ya malo ogona ndi imene inanditengera nthawi yaitali, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi imene imalamulira ulendo wonse. Nyama zambiri zimayenda ndi kudya m'mamawa dzuwa likamatuluka komanso madzulo likapendeka, pamene masana zimabisala pamthunzi. Zipata za paki zimatsegulidwa cha m'ma 6 koloko m'mawa ndi kutsekedwa cha m'ma 6 koloko madzulo. Zimenezi zikutanthauza kuti munthu amene wanyamuka ku Dedza m'mawa ndi cholinga chobwerera tsiku lomwelo amafika pa nthawi imene nyama zapita kale kukapuma, ndipo amachoka zisanatuluke. Amalipira mafuta ndi ndalama ya pachipata, koma amabwerera ataona anyani ndi nswala zochepa chabe. Kugona komweko, pafupi ndi chipata kapena mkati mwenimweni, ndi kumene kumam'patsa munthu maola abwino aja a mbandakucha ndi a chisisira.

Malo ogona ali m'magulu atatu. Pali malo ogona alendo a m'tauni ya Liwonde, ena mwa iwo m'mphepete mwa Shire, amene mitengo yake ndi yofikirika koma amafuna kuti mulawire kuti mukafike pachipata cha kumwera, chimene chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 6 kuchokera m'tauni. Pali makampu a kumwera kwa paki, ena kunja pang'ono kwa chipata ndi ena mkati, monga Chimwala Bush Camp kufupi ndi phiri la Chinguni, kumene alendo amatha kudziphikira okha. Ndiye pali malo a pakati pa paki m'mbali mwa mtsinje, monga Mvuu Camp, Mvuu Lodge ndi Kuthengo Camp, kumene nyama zimadutsa pafupi ndi khonde, koma mitengo yake ndi yokwera chifukwa nthawi zambiri imaphatikiza chakudya ndi maulendo okaona nyama. Chofunika kuchidziwa msanga ndi chakuti malo amenewa safikiridwa ndi njira imodzi. Wopita ku Mvuu akhoza kulowera pachipata cha kumwera ndi kuyenda mtunda wautali pa msewu wafumbi wa m'pakimo m'chilimwe, kapena kutenga msewu wa M3 wopita ku Mangochi, kukhotera pa Ulongwe, ndi kukafika kugombe la kumadzulo kumene boti limabwera kudzamuwolotsa. Munthu akasokoneza njira ziwirizi akhoza kupezeka tsidya lina la mtsinje dzuwa likulowa, chipata chitatsala pang'ono kutsekedwa.

Ndinaimba foni kumalo angapo ndipo ndinali nditalemberatu mafunso papepala. Funso loyamba linali lakuti, "Pepani mayi, kodi muli ndi mtengo wa nzika za Malawi?" Ambiri mwa malo amenewa amalengeza mitengo yawo mu madola poganizira alendo akunja, koma amakhalanso ndi mtengo wotsikirapo wa ife eni dziko, ndipo wosafunsa sauzidwa nthawi zonse. Ndinafunsanso ngati mtengowo ndi wa munthu mmodzi kapena wa chipinda chonse, ngati chakudya chili momwemo, ngati ana amalipira theka, ngati ndalama ya pachipata imalipiridwa padera, ngati mabedi ali ndi maneti, komanso ngati pali khitchini ndi ziwiya za amene akufuna kudziphikira. Ndinafunsa za zaka za ana amene amaloledwa pa ulendo wapansi ndi asilikali a m'nkhalango, popeza ana aang'ono saloledwa. Ndinapempha kuti zonse zimene tagwirizana andilembere pa WhatsApp mu makwacha, chifukwa chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wotchulidwa mu madola ukhoza kusintha pakati pa tsiku losungitsa malo ndi tsiku lofika.

Ife tinasankha kampu ya kumwera yokhala ndi khitchini, pa zifukwa ziwiri: kudziphikira kunachepetsa kwambiri ndalama za banja lonse, ndipo chipata chinali pafupi moti tinkatha kulowa chikangotsegulidwa. Ndikanakhala ndi ndalama zokwanira ndikanagona pakati pa paki m'mbali mwa mtsinje, ndipo amene angakwanitse ndikumulimbikitsa kutero ngakhale kwa usiku umodzi. Ndisanatumize dipoziti ndinaonetsetsa kuti nambala ya foni ndi ya akaunti zikugwirizana ndi zimene zili pa tsamba lenileni la malowo, chifukwa masiku ano kuli akamberembere amene amatsegula masamba abodza pa Facebook ndi kulandira ndalama m'dzina la malo amene si awo. Lisiti ya dipoziti ndinaisunga pa foni ndi papepala pomwe.

Pa bajeti ndinalemba mafuta opita ndi kubwera kuphatikizapo oyendera m'pakimo, ndalama ya pachipata imene amawerengera munthu aliyense pa tsiku, ndalama ya galimoto imene imakhala yapadera, malo ogona, chakudya, ulendo wa pa boti, ndi kangachepe kothokozera otitsogolera. Nzika za Malawi zimalipira ndalama yochepa kwambiri pachipata poyerekeza ndi alendo akunja, koma pamafunika chitupa cha unzika, choncho wamkulu aliyense anyamule chake. Ndalama zina ndinatenga zogwirika m'manja chifukwa netiweki ya foni m'tchire imavuta, ndipo sindinafune kudalira Airtel Money kapena Mpamba pokhapokha. Galimoto ndinaipititsa kwa makaniko kuti aone mabuleki, madzi ndi tayala la sipeya, ndipo thanki ndinaidzaza ndisanachoke ku Dedza. M'chilimwe galimoto yokwera pang'ono m'mimba imayenda bwino m'misewu ikuluikulu ya m'pakimo, koma yotsika kwambiri imagunda pansi m'malo okumbika.

Tinanyamuka m'mawa pa msewu wa M1 ndipo tinaima pa Lizulu kugula mbatata ya kachewere, kabichi, tomato ndi anyezi, zimene kwathu kuno ndi zotchipa ndi zatsopano kusiyana ndi kuchigwa. Tinadutsa Tsangano Turn-off ndi boma la Ntcheu, ndipo pa Chingeni, pamene palinso chipata cholipirira msewu, tinakhotera kumanzere kulowa msewu wa M8 wodzera ku Balaka. Madzi akumwa ambiri ndi buledi tinagula m'tauni ya Liwonde titawoloka Shire pa Kamuzu Barrage, chifukwa mkati mwa paki mulibe golosale. Pachipata tinalembetsa mayina ndi nambala ya galimoto, tinalipira, ndipo anatikumbutsa malamulo: kuyendetsa pang'onopang'ono, kusatuluka m'galimoto kupatula pamalo ololedwa, kusachoka pa msewu, kusadyetsa nyama, ndi kusaliza wailesi kapena hutala. Lisiti ya pachipata isungidwe chifukwa imafunidwa potuluka.

Madzulo a tsiku lofika tinawasungira ulendo wa pa boti, ndipo ngati pali chinthu chimene sindingalole kuti munthu achidule pa bajeti yake, ndi chimenechi. Mtsinje wa Shire ndi umene umasiyanitsa Liwonde ndi mapaki ena a m'dziko muno. Boti likamayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa mabango, mvuu zimatulutsa maso ndi makutu m'magulumagulu, ng'ona zikuluzikulu zimakhala zitayasamula pamchenga, ndipo njovu zimatsikira kumadzi ndi ana awo, zina kumira mpaka kungotsala chitamba. Pa boti munthu amayandikira nyama popanda kuzidzidzimutsa ngati mmene galimoto imachitira. Nkhwazi zimalira pamwamba pa migwalangwa, ndipo amene amakonda mbalame adziwe kuti m'pakiyi muli mitundu yoposa 400. Woyendetsa boti anatiuza kuti aliyense avale jekete yoyandamitsa ndipo wina asaviike dzanja m'madzi, ndipo ana ndinawakhazika pakati pa ine ndi mayi awo ulendo wonse.

M'mawa wotsatira tinasiya galimoto yathu ndi kukwera galimoto yotsegula ya pa kampu pamodzi ndi wotsogolera alendo. Ndalama yake inali yoonjezera, koma munthu wodziwa tchire amawerenga mapazi pafumbi, amamva kulira kwa anyani kochenjeza, ndipo amadziwa kumene gulu la njati linagona dzulo lake, zinthu zimene dalaivala wachilendo amazidutsa osazizindikira. Tinayenda m'nkhalango ya mitengo ya tsanya ndi milambe ikuluikulu, ndipo tinaona ngoma, nswala, njiri, njati ndi mphalapala. Titakumana ndi njovu yaikazi yokhala ndi mwana, wotitsogolera anaimitsa galimoto patali ndipo anatiuza kuti ikayamba kukupiza makutu ndi kupukusa mutu, ndiye kuti ikufuna mpata, ndipo choyenera ndi kubwerera m'mbuyo mwakachetechete. Woyendetsa yekha galimoto asaime pakati pa njovu ndi madzi, kapena pakati pa mayi ndi mwana wake. Ngakhale kuchigwa kumatentha, m'mamawa wa mu Ogasiti pa galimoto yotsegula pamazizira, choncho majuzi athu a ku Dedza anagwira ntchito.

Za zovala ndi thanzi ndinazikonzekera tisanachoke kunyumba. M'nkhalango ya tsanya muli ntchentche za kashembe zimene zimaluma mopweteka ndipo zimakopeka ndi mtundu wakuda ndi wa buluu, n'chifukwa chake nsalu za misampha yake zimene mungazione zitapachikidwa m'mitengo zimakhala za mitundu imeneyi. Tinavala malaya a manja aatali a mtundu wa khaki, ndipo m'malo a kashembe magalasi a galimoto yathu ankakhala otseka. Usiku mvuu zimatuluka m'madzi kukadya udzu ndipo zimatha kudutsa pakati pa matenti, choncho palibe amene ankayenda mumdima popanda tochi ndi mlonda. Udzudzu wa m'chigwa cha Shire ndi wochuluka kuposa wa kumtunda kwathu, motero tinkadzola mankhwala othamangitsa udzudzu dzuwa likangolowa ndi kugona m'maneti otsekedwa bwino.

Tinatuluka pachipata masana a tsiku lomaliza kuti zitunda za Ntcheu tizikwere kukuwala, popeza msewu wa M1 usiku umakhala ndi mathiraki ambiri ndi njinga zopanda magetsi. Titafika ku Dedza ndinapitiriza kuyang'anira ana kwa milungu ingapo, chifukwa malungo amayamba kuonekera pakatha sabata imodzi kapena ziwiri chilumidwireni. Aliyense wa m'banja amene angatenthe thupi kapena kumva mutu m'nthawi imeneyi apite kuchipatala tsiku lomwelo kukayezetsa, ndipo awauze adokotala kuti anali ku Liwonde komanso ngati analumidwa ndi kashembe, kuti ayezenso matenda a kaodzera.