Aluminiyamu wosungunuka amadya chitsulo, koma amalephera kudya mitundu ina ya seramiki

Abale amene mumasungunula aluminiyamu n'kuumba mapoto, mukudziwa kuti chosungunuliramo chachitsulo sichikhalitsa. Si moto wokha umene umachiwononga. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660 a Celsius, kutentha kumene chitsulo chimapirira, koma akangosanduka madzi amayamba kuchidya pang'onopang'ono. Chitsulo cholowa m'katimo n'chimene chimapangitsa kuti chinthu choumbidwacho chisachedwe kusweka.

Njerwa wamba nazo sizilimba naye. Zili ndi silika wambiri (chinthu chimene chimapanga mchenga), ndipo aluminiyamu amalanda okosijeni wa mu silikayo, n'kusiya zotupa zolimba za corundum (aluminiyamu wophatikizana ndi okosijeni) zimene zimakula pakhoma la ng'anjo mpaka kuling'amba. Mukakhala magineziyamu (mtundu wina wa chitsulo chopepuka) m'chosakanizacho, kuwonongeka kumafulumira.

N'chifukwa chake mafakitale opanga mawilo a galimoto amagwiritsa ntchito mapaipi a silicon nitride kapena aluminium titanate, mitundu ya seramiki (zoumba zowotchedwa pamoto waukulu), pokweza aluminiyamu kupita m'chikombole. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti seramiki ameneyu salimbana naye n'komwe. Aluminiyamu sagwirira pamenepo, amangotsetsereka ngati madzi patsamba la nthochi, choncho sapeza polowera. Aluminium titanate safufumanso kwenikweni akatentha, ndiye sang'aluka msanga akamizidwa m'madzi a moto amenewa.

N'zodula zipangizo zimenezi, inde. Komabe kupaka boron nitride, seramiki wina amene aluminiyamu sagwirirapo, pachipande chotungira kumathandiza kwambiri, ndipo ndikufunitsitsa kuti masukulu athu a ntchito zamanja aziphunzitsa zimenezi. Chonde, chiwiya chilichonse muziyamba mwachiumitsa pamoto, chifukwa chinyezi chikakumana ndi aluminiyamu wosungunuka chimaphulika.